Maina a pa Zipata za Misasa ya Asilikali

Munthu woyenda m'matauni a Zambia akumana ndi maina ena amene sali a Cibemba, sali a Cinyanja kapena a Cilozi, ndipo ngakhale Mzungu wa ku Mangalande sangawazindikire ngati mau a kwao. Ku Ndola kuli Tug Argan ndi Kalewa. Ku Kabwe kuli Chindwin. Ku Lusaka, kufupi ndi State House, kuli Arakan. Anyamata oitanira mabasi awafuula m'mawa ndi madzulo, amai a pa msika awachula polongosola kumene akhala, koma owerengeka okha ndiwo adziwa kuti maina awa, amene ali pa zipata za misasa ya asilikali, ndi a malo akutali kumene amuna a dziko lino anamenya nkhondo, ndi kumene ena a iwo anagona osabwerako. Atatu oyambawo ali m'mbiri ya gulu limodzi, Batalyoni Yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment, imene m'caka ca 1964 inasanduka Batalyoni Yoyamba ya Zambia Regiment.

Batalyoni ndi gulu la asilikali oyenda pansi, anthu pafupifupi 800, logawidwa m'makampani, ndipo kampani iriyonse igawidwanso m'timagulu tating'ono. Gulu lotere likhala ngati mudzi: anthu alowa ali anyamata, akalamba, acoka, koma dzina, mbendera ndi miyambo zitsalira obwera m'mbuyo. Mudzi umene ukambidwa panowu ndi wakale kopambana dziko la Zambia.

Mizu yace iri mwa apolisi. Pamene kampani ya British South Africa inali kulamula dziko lino, inaligawa pawiri. Kummawa, kumene boma linali ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata, kunali apolisi a North-Eastern Rhodesia Constabulary. Kumadzulo kunali a Barotse Native Police, amene anaphunzitsidwa ndi Major Colin Harding. Masiku amenewo mpolisi ndi msilikali anali munthu mmodzi, woyenda wopanda nsapato, mfuti paphewa, kuperekeza Bwana wa Boma pokhometsa msonkho. Ciyambi cace sicinali cokoma kwa onse. Mu January 1898 asilikali ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondo, anaphedwa ndi mfuti. Patapita zaka zowerengeka, ana a Angoni omwewo anali kuima pa mzere pamodzi ndi Acewa ndi Abemba kulembetsa nchito ya mfuti. M'caka ca 1911 zigawo ziwirizo zinaphatikizidwa, apolisi nao anakhala gulu limodzi, Northern Rhodesia Police, lokhala ndi nthambi yace ya usilikali.

Nthambi imeneyi inayesedwa msanga. Nkhondo yaikuru yoyamba, imene anthu a ku Nyasaland anaicha Nkhondo ya Ciwaya cifukwa ca kulira kwa mfuti zoombera kosalekeza, inafika pa malire a kumpoto mu September 1914, pamene Ajeremani ocokera ku Tanganyika anazinga Abercorn, ndiyo Mbala. Apolisi othandiza anacoka ku Kasama wapansi, nayenda mamailosi pafupifupi 100 m'masiku atatu, ndipo boma silinagwe. Caka cotsatira, pa Saisi, iwo pamodzi ndi asilikali a ku Congo anazingidwa m'linga pafupifupi sabata, madzi akuwasowa, koma sanagonje. Kuyambira 1916 analowa m'dziko la Ajeremani pansi pa General Northey, nathamangitsana ndi General von Lettow-Vorbeck zaka ziwiri. Mapeto a nkhondo ya dziko lonse anaoneka m'dziko lino lomwe: von Lettow analowa ku Kasama mu November 1918, namva za kuleka kwa nkhondo pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 November, masiku atatu citathere nkhondo ku Ulaya, ndipo anatula zida ku Abercorn pa 25 November.

Koma msilikali sadya zipolopolo. Kumbuyo kwa munthu mmodzi wa mfuti kunali amtengatenga ambiri osenza ufa, mabokosi ndi mankhwala kucokera ku njanji kufikira ku malire, ena pamutu, ena m'mabwato podzera m'madambo a Bangweulu. Ambiri anatengedwa m'midzi mokakamiza. Ku Mbala kuli cipilala cokumbukira amtengatenga 1,467 a dziko lino amene anafa pa nchitoyi. Pa cipilalaco pali ciwerengero, palibe maina. M'caka ca 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti akufa acikuda sanalemekezedwe mofanana ndi akufa acizungu, ndipo linapepesa.

M'caka ca 1933 nthambi ya usilikali inapatulidwa kwa apolisi, niichedwa Northern Rhodesia Regiment. Cizindikiro cace cinali mbalame ya miyendo yaitali, ya cisoti ca nthenga zonga golide pamutu, imene ikhala m'madambo a Zambezi ndi Kafue. Pansi pa mbalameyo panali mau a Cilatini, Diversi Genere Fide Pares, ndiko kunena kuti osiyana mitundu, olingana m'kukhulupirika. Amene anasankha mauwa mwina anali kuganiza za Mzungu ndi munthu wakuda. Ndipo kunena zoona, awiriwo sanali olingana m'malipiro, m'cakudya kapena m'maudindo, pakuti munthu wakuda, ngakhale wanzeru ndi wolimba mtima cotani, anali kulekezera pa Usajeni Meja kufikira zaka zomariza za ulamuliro wa Angelezi. Koma pakati pa asilikali eni ace mauwo anali ndi coonadi cina. Mbemba, Mngoni, Mwila ndi Mcewa anali kugona m'nyumba imodzi, kudya m'mphika umodzi, ndi kumva lamulo m'cinenero cimodzi. Cineneroco cinali Cinyanja, cifukwa apolisi oyamba a kummawa anali a ku Nyasaland ndi a dziko la Fort Jameson, ndipo ofisala wacizungu anayenera kuciphunzira kuti amvane ndi anthu ace. Pamene likulu la dziko linasamuka kucoka ku Livingstone kupita ku Lusaka m'caka ca 1935, asilikali ndi apolisi anali pakati pa amene anacikhazika m'tauni yatsopanoyo. Cinyanja ca m'misika ya Lusaka ciri ndi makolo ambiri, ndipo mmodzi wa iwo anabvala kabudula wa khaki.

Miyambo ya pa perete sinakhale m'kati mwa mpanda. Anthu obwera ku nkhondo yoyamba anadza ndi gule wa mbeni, amene dzina lace licokera ku mau a Cingelezi onena gulu la oyimba malipenga. Obvina anali kufola m'mizere monga asilikali, ali ndi mfumu yao, akazembe ao, dotolo ndi anamwino ao. Ku Nyasaland ndi kummawa kwa dziko lino abale ace ndiwo mganda ndi malipenga. M'makomboni a migodi mdzukulu wace ndiye kalela, amene J. Clyde Mitchell anamuona ku Luanshya namulembera buku m'caka ca 1956. Wobvina kalela wobvala malaya ositidwa bwino, woponda mwa mzere, atsata sajeni amene sanamuonepo.

Anthu a m'migodi ali ndi cifukwa cina cokumbukira Regiment imeneyi, ndipo sicingabisike. Mu May 1935, msonkho utakwezedwa, anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope analeka nchito, ndipo magulu a mbeni anathandiza kufalitsa mau kucoka mgodi wina kupita mgodi wina. Ku Luanshya apolisi anaombera, anthu 6 nafa, ndipo asilikali anatumizidwa kukalonda migodi. M'caka ca 1940 Azungu a m'migodi anacita sitalaka napatsidwa zimene anafuna. Anchito acikuda a ku Mufulira ndi Nkana anatsata, nafunsa cifukwa cace thukuta limodzi liri ndi mitengo iwiri. Pa 3 April, pa ofesi ya komboni ku Nkana, miyala inauluka, asilikali a Regiment anaombera, ndipo anthu 17 anafa. Woombera ndi woomberedwa anali a midzi imodzi.

Nthawi imeneyo Batalyoni Yoyamba inali itacoka kale m'dziko, pa ulendo umene unaifikitsa ku British Somaliland, dziko la miyala, minga ndi ngamila, loyang'anana ndi Aden. Mu August 1940 Ataliyana analowa m'dzikolo kucokera ku Abyssinia ndi asilikali oposa 20,000, ali ndi mizinga, akasinja ndi ndege. Owaletsa anali mabatalyoni owerengeka okha. Mseu wocokera ku Hargeisa kupita ku doko la Berbera udzera pa mpata waukuru pakati pa mapiri, pamene pali mtsinje wouma, wa mcenga wokhawokha. M'Cisomali mtsinje wotere uchedwa tug, ndipo uwu ndiwo Tug Argan. M'mpatamo muli timapiri tingapo, ndipo Batalyoni Yoyamba inagawidwa pa timapiri timeneti, kampani apa, kampani apo, pamodzi ndi Asomali a mfuti za ciwaya. Cobvuta cinali cakuti timapirito tinatalikirana kwambiri, kotero kuti mdani anatha kudzera pakati usiku, ndipo kampani yopanikizidwa sinathe kuthandizidwa ndi inzace.

Nkhondo inayamba pa 11 August. Ndege zinaponya mabomba m'mawa, mizinga inatsata, kenaka asilikali oyenda pansi anakwera mafunde mafunde, nabwezedwa. Pa tsiku laciwiri madzulo kaphiri kochedwa Mill Hill kanagwa, ndi mizinga iwiri inatayika pamenepo. Otsala anakhala m'maenje ao a miyala masiku ena atatu, dzuwa likuwaocha, madzi akuwerengedwa, kumbuyo kwao mdani atayamba kudula mseu. Pa 15 August kaphiri ka Observation Hill kanagwanso, ndipo Major-General Godwin-Austen anaona kuti kukhalabe ndiko kutaya gulu lonse. Analamula kubwerera ku Berbera, kumene sitima za pamadzi zinawatenga kupita ku Aden. Ataliyana analowa m'Berbera pa 19 August.

Tsono Tug Argan sinali nkhondo yopambana, ndipo ndi cinthu coyenera kucilingalira kuti msasa waukuru wa ku Ndola unachedwa dzina la malo amene asilikali anacokapo cobwerera. Mbali ya Angelezi inataya anthu 260, akufa, olasidwa ndi osowa; Ataliyana anataya pafupifupi 2,000. Winston Churchill anakwiya, nati ciwerengero cocepa cotere cisonyeza kuti sanamenye kokwanira. General Wavell anamuyankha kuti kucuruka kwa mitembo sikusonyeza nzeru za mtsogoleri. Asilikali sacita manyazi ndi malo pamene ocepa anaimitsa ambiri masiku asanu, ndipo amene anapulumuka pa mpatapo ndiwo anamenyanso nkhondo zotsatira. Dzina lochuka la pa Tug Argan ndi la Captain Eric Wilson, amene anatsogolera Asomali a ciwaya pa Observation Hill ali wolasidwa ndi wodwala malungo. Anapatsidwa mendulo ya Victoria Cross poyesedwa wakufa, koma pambuyo pace anapezeka wamoyo m'ndende ya Ataliyana ku Eritrea. Iyeyu anali wodziwa Cinyanja, pakuti anayamba wagwira nchito m'Batalyoni Yaciwiri ya King's African Rifles ya ku Nyasaland, a Keyala, amene naonso anali pa nkhondo yomweyi. Maina a asilikali acikuda amene anakhala m'maenje pambali pace mabuku ambiri sawachula.

Kucoka ku Aden batalyoni inabwera ku Kenya, nilowa m'Abyssinia ca kummwera m'caka ca 1941. Caka comweco Berbera inalandidwanso, ndipo mu November linga lomariza la Ataliyana linagwa ku Gondar, dzina limene liri pa msasa wa ku Chipata. Kuno kwao Regiment inakula kufikira mabatalyoni 8. Ena anapita ku Madagascar, ndipo Batalyoni Yacitatu inakafika ku gombe la Arakan. Wailesi ya ku Lusaka inayamba kulankhula m'caka ca 1941, ndipo nchito yace yoyamba inali kuuza anthu za nkhondo, makamaka mabanja a amene anali kutali. Mkazi wa msilikali anali kuyenda mtunda kupita ku boma kukamva bokosi lolankhula, kapena lichula gulu la mwamuna wace.

Batalyoni Yoyamba inaoloka nyanja yaikuru kupita ku Ceylon m'caka ca 1942, kumene inaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo m'caka ca 1944 inalowa m'Burma kukamenyana ndi Ajapani. Inali m'gulu lalikuru la 11th East African Division, la cizindikiro ca mutu wa cipembere, m'brigedi imodzi ndi a Keyala a ku Nyasaland aja ndi ena a ku Uganda. Ajapani anali atathyoledwa kale ku Imphal ndi Kohima, ndipo General Slim anafuna kuti asapatsidwe mpata wopuma. Mwambo wa nkhondo m'dzikolo unali wakuti mvula yaikuru ikayamba magulu onse aima. Slim anauswa, natuma asilikali a ku Africa kutsika cigwa ca Kabaw m'kati mwa mvulayo.

Cigwa cimeneci cinali ndi mbiri yoipa ya malungo ndi nthenda ina yoopsa yobwera ndi tizirombo ta m'udzu. Mvula inagwa usana ndi usiku. Mseu unasanduka phala, magalimoto anatitimira, ndipo asilikali anadula mitengo naiyala mopingasa mamailosi ambiri kuti mawilo apeze pogwira. Mitsinje yaing'ono inadzala m'maola owerengeka nikokolola milatho. Cakudya cinali kugwa kucokera m'ndege, mitambo ikalola. Ikakana, anthu anagawana theka. Tsiku liri lonse msilikali anameza mbulu wacikasu wa mepacrine pamaso pa sajeni, pakuti malungo anali kugwetsa anthu ambiri kopambana zipolopolo. M'njira anapeza mitembo ya Ajapani ofa ndi njala ndi nthenda. Koma amoyo anakumba maenje pamwamba pa zitunda, ofoleredwa ndi mitengo ndi dothi, osaoneka kufikira munthu atafika pafupi, ndipo kawirikawiri sanali kugonja. Citunda ciri conse cinalandidwa pacokha, ndi mabomba a m'manja, ndi anthu okwawa m'matope. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, anatero akale. Koma ambiri a anyamatawa anali asanaonepo ngakhale njanji asanalembedwe usilikali.

Pa 2 December 1944 asilikali a ku Africa analowa m'tauni ya Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, ndipo patangopita masiku ocepa mlatho woyandama wa mafiti 1,154 unamangidwa pamenepo, wautali kopambana ina yonse ya mtundu wace masiku amenewo. Pa mlatho umenewu magulu ena anaoloka kupita ku Mandalay.

Nkhondo itatha m'caka ca 1945, asilikali anabwera ndi mamendulo, majasi ndi nkhani zimene a kumudzi sanathe kuzikhulupirira. Ndalama zotsazikira zinali zocepa. Mapepala a Boma la Britain a caka cimeneco, amene anaululidwa m'manyuzipepala m'caka ca 2019, asonyeza kuti msilikali wamba wacizungu wa m'magulu a ku East Africa anawerengeredwa masheleni 10 pa mwezi uli wonse wa usilikali wace, ndipo wacikuda masheleni 3 ndi theka. Ena anabwerera ku khasu, ena anakhala amesenjala a Boma, oyendetsa magalimoto, alonda ndi apolisi a m'migodi. Batalyoni yokha inapitanso kummawa, ku Malaya, kuyambira 1954 kufikira 1956, kukasaka zigawenga za Cikomyunisiti m'nkhalango ndi m'minda ya mphira. Zaka za Federation inali pansi pa Boma la ku Salisbury.

Federation itatha pa kutha kwa 1963, batalyoni inabwezedwa ku Northern Rhodesia, ndipo a Keyala a Batalyoni Yaciwiri, anzao a pa Tug Argan ndi a m'cigwa ca Kabaw, anapatsidwanso ku dziko lino. Nchito yao yoyamba inali yowawa. Mu July ndi August 1964, Kenneth Kaunda ali Nduna Yaikuru, anatumizidwa ku Chinsali ndi Lundazi, kumene a mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina, atakangana ndi a cipani ca UNIP ndi apolisi, anadzitsekera m'midzi ya malinga. Anthu a mikondo ndi nkhwangwa anathamangira mfuti za makono. Mwa ciwerengero ca Boma, anthu oposa 700 anafa m'cipolowe conseco, ambiri a iwo a mpingowo, ndipo zikwi zinathawira ku Congo. Dzina la Chinsali siliri pa cipata ca msasa uli wonse.

Pa 24 October 1964 magulu awiriwo anakhala Batalyoni Yoyamba ndi Yaciwiri ya Zambia Regiment. Maofisala acizungu anakhalabe zaka zingapo, kufikira m'caka ca 1970 pamene Kingsley Chinkuli, wophunzira ku Sandhurst, anakhala Mzambia woyamba kulamula asilikali onse a pamtunda. M'zaka zomwezo maina ambiri a m'dziko anasinthidwa: Broken Hill inakhala Kabwe, Fort Jameson inakhala Chipata, Abercorn inakhala Mbala, Bancroft inakhala Chililabombwe. Tug Argan sinakhudzidwe, pakuti silinali dzina la Bwana ali yense, koma la malo pamene ana a dziko lino anakhetsa mwazi wao.

Mabatalyoni a Zambia anayendanso kutali pambuyo pace, tsopano atabvala zipewa zobiriwira ngati thambo za United Nations. Analonda mtendere ku Mozambique m'zaka za 1993 ndi 1994. Mu April 1995 kampani ina inali pa Kibeho, ku Rwanda, niona kuphedwa kwa anthu ambiri othawa nkhondo, iyo iri yocepa ndi yomangika ndi malamulo a nchito yace. Mu May 2000 ena anagwidwa ndi zigawenga pa mseu wa ku Makeni, ku Sierra Leone, namasulidwa patapita masabata. Kuyambira 2015 ena anatumizidwa ku Birao, ku Central African Republic, kufupi ndi malire a Sudan ndi Chad, ndipo m'magulu amenewo munalinso asilikali acikazi.